Zimene a Lackson Sanamve Okha

A Lackson amakhala okha ku Chimwankhunda, nyumba yachitatu kuchokera kwathu. Anagwira ntchito ya utolankhani zaka makumi atatu, nthawi imene nkhani ankatayipa pa makina aja aphokoso. Ine chilembereni mayeso a Fomu 4 ndimangokhala, ndiye tsiku lina ndinawatengera kope langa la nkhani kuti alione. Ndinkayembekeza kuti andiyamikira.

Anawerenga chala chili pa mzere, kenaka anaima.

"Apa walemba kuti akondakitala said. Unawamva iweyo?"

"Anandiuza mnzanga, agogo."

"Ndiye wanena ndi mnzakoyo. Fufuta."

Anandifotokozera kuti kale, kunyuzipepala kwawo, liwu la Chingerezi limeneli silinali lotola. Mkonzi sankalola kuti ulembe said pokhapokha utamva mawuwo pakamwa pa mwiniwake. Zomva kwa ena zinali ndi kalembedwe kake, kotalika, kosonyeza kuti iwe kunalibe. Tsiku lina iwo anayenda wapansi kuchokera ku Limbe mpaka ku Chigumula kukamva mayi wina akunena chiganizo chimodzi chokha chokhudza chimanga chake chobedwa.

"Nsapato zinkatha, mtsikana. Osati inu a pa foni."

Vuto ndi loti lamuloli anabwera nalo kunyumba. Mwana wawo mmodzi yekha, Joan, anapita ku Joni zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo atayambana nawo pa maliro a mayi ake. Sawaimbira. Amangotuma a Sellina, mayi wa kutchalitchi, amene amafika Lamlungu lililonse ali wefuwefu.

"Akuti zakale zija anaiwala, bambo. Akuti mwina abwera pa Khirisimasi."

"Akuti, akuti. Zikomo, mayi, mwayenda."

Sakwiya ayi. Amangopinda manja n'kumayang'ana kumsewu. Kwa iwo Joan sanawakhululukirebe, chifukwa sanamumve okha.

Zinandivuta mumtima. Ndinapempha nambala ya Joan kwa a Sellina, ndipo Lachitatu masana ndinapita ndi foni ya amayi. A Lackson atamva zimene ndabwerera analowa m'nyumba, n'kutuluka atavala jekete ngati akupita ku ofesi. Anakhala pampando atawongola msana.

Ndinaimba. Inaitana kasanu.

"Halo, ndani?"

"Ndine Ulemu wa ku Chimwankhunda, anti. Ndili ndi bambo anu pompano, akufuna..."

Ndinkamva magalimoto a kumeneko.

"Ndili pa ntchito. Ndiimbanso."

Anadula ndisanawapatse foni. Dzanja la a Lackson linali litatambasuka kale, ndipo analibweza pang'onopang'ono n'kuliika pabondo.

"Wati chiyani? Usawonjezere."

Ndinabwereza mmene ndinamvera. Anandiuza kuti ndibwerezenso, ndinabwereza.

"Sanatchule kuti liti?"

"Ayi, agogo."

"Nanga mawu ake, akadali opyapyala? Ali mwana ankalankhula ngati kachitoliro."

Ndinati ndi okhuthala pang'ono, ngati a munthu wachimfine. Anagwedeza mutu, akuti fumbi la kumeneko.

Anandipempha kuti foniyo ndiisiye kaye patebulo. Tinakhala pakhonde. Ana a sukulu anadutsa, wogulitsa makala anadutsa, mthunzi unachoka pakhonde n'kufika kumpanda. Foni inalira kamodzi, a Lackson anadzambatuka, koma anali amayi akundifuna pa foni ya aneba kuti ndikatunge madzi.

Pamene ndinkanyamuka anandigwira mkono.

"Mawa amayi ako aifuna nthawi yanji foniyi?"