Masamba a Chiarabu m'munda wa chinangwa

M'buku lathu la mbiri yakale kusekondale muli chithunzi cha tsamba la Chiarabu lolembedwa pamanja zaka mazanamazana zapitazo. Anzanga amangolidutsa. Ine ndimaliyang'anitsitsa, chifukwa masamba otere ndinawaonapo kwathu ku Chikweo.

Ife ndife Akatolika, koma mnzanga wapamtima, woyandikana naye nyumba, ndi Msilamu. Mayi ake amasunga buku la mapemphero limene malemu bambo awo analemba okha ndi cholembera cha bango. Masamba ake ndi osasoka, amangowakulunga m'chikopa. Inki yake ndi yakuda, pena yofiira, ndipo zilembo zina zimawerama ngati mpunga wokhwima.

Chaka chatha denga lawo linadontha, buku lija n'kuchita chinyontho. Mayiwo anayanika masambawo pamkeka mwandondomeko, n'kuuza mnzangayo kuti alondere. Ife tinatanganidwa ndi kulukana tsitsi. Mphepo itabwera, masamba anabalalika mpaka m'munda wa chinangwa.

"Iwe usagwire, sunasambe monga timasambira popemphera," anatero mnzangayo. Ndiye ine ndinkaloza, iye n'kumatola.

Onse anapezeka, koma analibe manambala. Mayi aja anakhala pansi.

"Chimene anandisiyira bambo ndi chokhachi," anatero.

Maso awo saonanso zilembo zing'onozing'ono, ndipo mnzangayo anazolowera mabuku osindikizidwa a kumadrasa, osati kalembedwe ka agogo ake.

Kenaka mayiwo anakumbukira. Bambo awo akamaliza tsamba ankalemba kaliwu kamodzi m'munsi pakona, kamene ndi liwu loyamba la tsamba lotsatira.

"Funani tsamba limene likuyamba ndi kaliwu kameneko," anatiuza.

"Nanga ine Chiarabu ndichidziwira kuti, mayi?" ndinafunsa.

"Mbuzi za kwanu umachita kuziwerenga zilembo? Yang'ana maonekedwe."

Ndinagwada m'mbali mwa mkeka, manja kumbuyo. Ndinkangofufuza kumanzere monga timayambira kusukulu.

"Kumanja, mwana wa Aroma iwe," anaseka mnzangayo.

Pang'onopang'ono maso anazolowera. Kaliwu kena kanali ndi mchira wautali, kena timadontho titatu pamwamba. Ndikakapeza, mnzangayo ankasanjika tsambalo.

Titamaliza, mayi aja anayamba kunena mapempherowo pamtima, mnzangayo akutsatira ndi chala. Tsamba limodzi tinaliika polakwika, tinakonza. Ena onse anatsatana bwino mpaka lomaliza. Mayiwo anakulunga buku lawo, n'kutituma kukafuna udzu wofolera denga.