Phulusa la Ubweya wa Galu

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga, ndinataya mwana chifukwa cha bala laling'ono ngati njere ya mpunga. Amene anapakapo phulusa m'malo mothamangira kuchipatala ndine mayi wake. Sukulu sindinapite nayo patali, koma izi ndalemba ndekha kuti zisadzakugwereni.

Timakhala kufupi ndi Nsadzo. Amuna anga anabweretsa kagalu koti kakakula kazithamangitsa anyani kumunda. Ana athu aakazi, Feliza wa zaka khumi ndi Rozinya wa zaka zisanu ndi chimodzi, anakakonda, koma Rozinya anachita kunyanya. Ankakabereka ndi kansalu kanga kakale n'kumakaimbira. Ndikamukalipira ankati, "Amayi, musasokose, mdzukulu wanu wagona."

Tsiku lina galu wachilendo anadutsa pakhomo n'kuluma kagaluko. Bala linapola, tinaiwala. Patapita milungu ingapo kanasintha: kudya ayi, dovu lili chuchuchu, kumangoluma mitengo. Rozinya pofuna kukanyamula kanamuluma chala, ndipo Feliza pomulanditsa kanamukanda ndi dzino pa kakolo.

Ine ndinachita zimene ndinakula ndikuziona. Ndinameta ubweya wa kumchira kwa kagaluko, n'kuwotcha pa phale, phulusalo n'kupaka pa mabala a ana. Mayi anga anachitira bambo chimodzimodzi tili kothawa nkhondo ku Zambia, ndipo bambo anachira. Sindinadziwe kuti galu amene analuma bamboyo analibe chiwewe. Kagalu kathu katafa tinati ululu wapita ndi mwini wake. Ndinagwada n'kuthokoza Mulungu.

Mwezi utatha, Rozinya anatentha thupi, akudandaula mutu ndiponso kuti chala chopola chija chikuyabwa. Tinati ndi malungo. Tsiku lachitatu anapempha madzi, koma nditamufikitsira chikho anakuwa, khosi n'kuuma gwa. Ludzu ali nalo, madzi akuwaopa. Tinakwera mota, njinga yamoto ija, kupita kuchipatala cha ku Chifunde, ine nditamufungatira.

Anamwino atamuona anafunsa ngati analumidwapo ndi galu. Ndinafotokoza zonse, ndi za phulusa zomwe. Sanandikalipire. Anandikhazika pansi n'kundiuza kuti kachilombo ka chiwewe kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha mpaka kukatupitsa ubongo, ndipo kakafika kumeneko mankhwala palibe. Kenaka anandigwira dzanja.

"Mayi, galuyo analumanso ndani?"

Funso limenelo ndilo linandisiyira mwana. Amuna anga anabwerera tsiku lomwelo kukatenga Feliza, amene anali asanayambe kudwala, ndipo anayamba kubayidwa vasina, katemera wa chiwewe. Sitinadumphe tsiku lililonse limene anamwino anatiuza, ngakhale lina linagwa mkati mwa maliro a mng'ono wake.

Rozinya anatisiya patapita masiku awiri. Mutu wake ukayera pang'ono ankandizindikira. Komaliza anandifunsa ngati kagalu kake kadya. Ndinamuyankha kuti kadya, kakhuta, kagona. Tinamuika ndi kansalu kaja.

Mayi anga sindiwaimba mlandu, anandiphunzitsa zimene ankadziwa. Amayi a kumpingo anandigwira mpaka ndinasiya kudzitemberera, Mulungu awadalitse. Koma inu tsopano mwamva. Galu, mphaka kapena nkhandwe ikaluma mwana, ngakhale kungomukanda, tsukani balalo ndi madzi ambiri ndi sabau, ndiye kuti sopo, kwa nthawi yaitali, mpaka mikono itope. Musapakepo phulusa kapena chilichonse. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, musadikire kuti adwale, ndipo akakutumizani kwina, pitani. Agalu anu abayitseni katemera akabwera alangizi a zoweta. Kupola kwa bala kusakunamizeni, la Rozinya linapola bwinobwino.

Feliza tsopano wandiposa msinkhu. Akachokera kumjigo amatula ndowa n'kumwa chikho chodzaza, madzi akuyenderera pachibwano. Ine ndimasiya chilichonse chimene ndagwira n'kumamuyang'ana. Iye amaseka, amati, "Amayi, simunaonepo munthu akumwa madzi?" Ndimangoti chamumtima, zikomo Ambuye.