Malata Amene Abiti Saizi Anakana

Abiti Saizi sapita kumsika asanasankhe nyemba. Akatha kuswali m'mamawa, amayala mkeka pakhomo, n'kukhuthulira nyemba m'lichero, n'kumatola imodziimodzi zofumbwa ndi zosweka. Zabwino amathira m'thumba, zofumbwazo m'kabeseni. Kumsika wa Santhe zonse amaziika poyera, zilizonse ndi mtengo wake. Amalonda anzawo amawaseka kuti akudzivuta, poti nyemba yofumbwa ikakhala pansi pa mbale wogula saiona. Iwo amangoti, "Iye saiona, koma ine ndaiona."

Ndi anansi athu. Pakati pa nyumba yawo ndi yathu pali mpanda wa mapesi ndi mtengo wa mango. Kwawo ndi ku Machinga. Anabwera kuno ali mtsikana, pa lole yotenga matenanti a pa esiteti ya fodya, limodzi ndi amuna awo, Che Ajibu. Zaka zambiri anathyola fodya, kumusoka ndi kumupachika m'zigafa za eni ake. Che Ajibu atamwalira, abale anabwera kudzawatenga, koma anakana. Anati mwana wawo Swaleyi mchombo wake unagwera ku Kasungu, ndipo manda a bambo ake ali konkuno. Anapempha kamalo pafupi ndi msika, n'kumangapo kanyumba kofolera ndi udzu.

Kuno Asilamu ndi owerengeka. Amayi anga, a Agnesi, ndi a Chigwirizano ku mpingo wathu, koma iwo ndi Abiti Saizi amabwerekana chilichonse, kuyambira mchere mpaka mpango. Pa Khrisimasi nkhuku yathu amazinga ndi Swaleyi, kuti nawonso adye nafe. Chimodzi chokha chimene amayi analephera ndicho kuwalowetsa banki mkhonde. Abiti Saizi anamva kuti wobwereka amabweza ndi chiwongoladzanja, ndipo anati kwa Msilamu chimenecho ndi haramu, ngakhale achitchule dzina lokoma.

Dzinja lathali denga lawo linawazunza. Mvula ikayamba, tinkamva mabeseni akukokedwa uku ndi uku. Thumba lina la nyemba linanyowa mpaka kumera. Swaleyi, amene amayendetsa kabaza wa njinga yamoto ya munthu wina, analumbira pamaso pa amayi anga kuti mayi ake sadzaonanso zimenezo.

Tsiku lina m'mwezi wa Meyi, ngolo inaima pakhomo pawo itadzaza malata atsopano. Swaleyi anali atakhala pamwamba, mano onse pamtunda.

"Amenewa akupita kwa yani?" anafunsa Abiti Saizi.

"Kwanu, amama. Chaka chino mabeseni apume."

Anayandikira n'kusisita lata limodzi ndi chikhatho. Anaseka ngati kamtsikana, kenako anaima.

"Koma njinga ija si inagona kwa makaniko sabata yonse? Ndalama wazipeza kuti?"

Swaleyi anayang'ana ng'ombe. "Mulungu wapereka."

Pomwepo amayi anga anatulukira pampanda ndi nthungululu. "Amake Swaleyi, mwabala! Santhe yonse ikukamba za mwana wanu. Akuti analosera matimu onse a mpira pa foni, osaphonya ngakhale imodzi!"

Abiti Saizi anachotsa dzanja pa lata lija.

"Wabetcha?"

"Si njuga, amama. Ndi mpira. Pamafunika nzeru."

"Nanga anzako amene nzeru zawo zinaphonya, ndalama zawo zili kuti?"

Abiti Saizi analoza malata aja.

"Si izi zili pangolozi? Mwana wanga, ine ndizigona pansi pa ndalama ya sopo ya mkazi wa munthu? Ndiziswali pansi pake?"

"Ndiye ndiwabweze kwa yani? Kwa foni?" anatero Swaleyi. "Anthu amanyadira ana awo. Inu mukundichititsa manyazi pamaso pa woyendetsa ngolo."

Anatsitsa malatawo yekha, kuwatsamiritsa pamtengo wa mango, n'kuchoka osatsanzika. Tsiku limenelo sanabwere kudzadya. Mawa lake chimodzimodzi. Tinamva kuti akugona kwa anzake.

Malata anakhala pamenepo akuthwanima, nkhuku zikubisala kuseri kwake. Abiti Saizi ankapita kumsika ndi kubwera osawayang'ana, koma madzulo ndinkawaona akutsanula mpunga wa anthu awiri, n'kuvundikira mbale imodzi. Amayi anga anadziimba mlandu chifukwa cha pakamwa pawo, ndipo anayesa kukonza zinthu mwa njira yawo.

"Achemwali, ngati akukuyabwani, aponyereni mbali ino ya mpanda. Denga silifunsa kuti wandigula ndi chiyani."

"Kodi abusa anu njuga analoleza liti?"

"Aaa, nawonso amaletsa. Koma abusa sakwera padenga."

Onse anaseka, koma malata sanasunthe. A Lameki, mmisiri wa matabwa, anabwera kudzafunsa ngati angawagule motchipa. Abiti Saizi anati, "Si anga. Mwini wake alipo." Apa ndi pamene ndinazindikira kuti chimene chinkawasowetsa tulo si dzinja ayi. Malatawo akanatha kuwachotsa tsiku lomwelo, koma akanatero mwana akanapita nawo limodzi.

Lachisanu atatuluka mumzikiti, Abiti Saizi anakafunsa shehe. Shehe anawauza kuti chuma chobwera motere munthu sadya, sagonamo, komanso sachitaya kutchire. Ngati eni ake sadziwika, amachipereka ku chinthu chothandiza anthu onse, ndipo woperekayo asayembekezere sawabu, mphotho ya kwa Mulungu, chifukwa akungodzitsuka m'manja.

Loweruka, msika utatha, anamanga thumba lawo n'kulunjika pamene amaima a kabaza. Anyamata aja atawaona anayamba kugwedezana.

"Bwana Malata, kwabwera apolisi!"

Abiti Saizi sanawalabadire. Anadutsa njinga zonse n'kukaima pa ya mwana wawo.

"Kabaza! Ndiperekeze kunyumba. Kapena umasankha makasitomala?"

Anzake anafa nacho chiseko. Swaleyi anamanga thumba lija kumbuyo, mayi ake n'kukwera chammbali. Kuchokera kumsika kufika kwathu ndi pafupi, koma anafika dzuwa litapendeka, chifukwa anamuuza kuti ayende pang'onopang'ono, adzere njira ya kuzigafa. Zimene anakambirana m'njiramo sindikuzidziwa zonse. Ndinangomva zapakhomo.

"Ndiye inu mukuti ine ndine wonyansa."

"Iwe ndinakusambitsa ndekha, ndingakunyansidwe lero? Mtima umene unagulira malatawa ndaulandira. Malatawo ndi amene sindilandira."

Anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa ndalama ya ulendowo. Swaleyi anabweza dzanja kumbuyo.

"Amama, mukundinyoza?"

"Tenga. Wandinyamula, watentha mafuta. Iyi ndi yako yeniyeni. Ukandigulira shuga ndi imeneyi, tiyi wake ndimwa mpaka kunyambita supuni."

Anailandira, akuyesa kubisa kumwetulira. Kenako anakhala pa njinga paja nthawi yaitali, akuyang'ana malata ake.

Malo okapereka malatawo Swaleyi anasankha yekha. Kuseri kwa mjigo wa m'mudzi mwathu kuli kanyumba kamene anthu anamanga kuti azikayezerako ana sikelo. Makoma anatha kalekale, koma denga linasowa, ndipo azimayi ankakhala padzuwa ndi makanda, sikelo itapachikidwa pamtengo. Swaleyi amawanyamula azimayi amenewo mwezi ndi mwezi, ndiye ankadziwa. A Lameki anavomera kukhoma ulere, anthu anasonkha milimo ndi misomali. A komiti anafuna kulemba dzina lake pakhoma, koma iye anakana. Anzake a kabaza mpaka lero amati kanyumbako ndi kwa Bwana Malata, ndipo iye anasiya kukwiya nazo.

Ngati anasiyiratu kubetcha, sindinganene. Foni ndi yake, ndipo mayi ake samufufuza m'thumba. Chimene ndinaona n'chakuti tsiku limene anakhoma lata lomaliza, anabwera ndi paketi ya shuga, n'kudya mpunga ndi nyemba pamkeka wa mayi ake. Amayi anga anaitanidwa kudzamwa tiyi, ndipo anathira masupuni osawerenga, akuti akuthandiza kuyesa ngati shugayo ndi wa halali.

Atakhuta, Swaleyi anagona chagada n'kuona kuwala kukulowa pa mabowo a denga.

"Nanga dzinja likubwerali, amama?"

"Tsekera wakhwima kudambo. Bambo ako anafolera zigafa za anthu moyo wawo wonse. Iwe kanyumba aka kangakukanike?"

"Ine kufolera sindidziwa."

"Udziwa. Ine ndizikalipa pansi, iwe uli pamwamba."

M'mawa mwake benchi lawo kumsika linakhala lopanda munthu. Anabwereka zenga la amayi anga, kuwonjezera pa lawo, namanga chitenje cholimba m'chiuno. Mame asanaume anali atalowa njira ya kudambo, akuyenda mofulumira kuti a zigafa asawatsogolere. Swaleyi ankabwera pambuyo ndi mtolo wa luzi paphewa, akuyasamula, akudandaula kuti makasitomala ake atengedwa ndi anzake.