Chithunzi cha bambo chili ku Lilongwe

Sabata yanga inkayamba Lachinayi. Limeneli ndilo linali tsiku lokwera minibasi kupita ku Lilongwe kukatsukitsa mafilimu, chifukwa kuno ku Mchinji kunalibe makina otsukira zithunzi m'zaka zimenezo, ulamuliro wa zipani zambiri utangoyamba kumene. Ndinkasiya mafilimu odzaza m'mawa, n'kumangozungulira m'tauni ngati wosowa kwawo, masana n'kutenga zithunzi zanga pamodzi ndi mafilimu anayi atsopano. Anayi basi. Filimu imodzi inkajambula zithunzi 36, ndipo sabata yonse inkayenera kukwana m'menemo.

Masiku enawo anali ndi eni ake. Lachisanu ndinkaswera paboma, pakhonde la sitolo ya bambo wina wachisilamu amene anandilola kupachika nsalu yanga yabuluu pakhoma, kupereka zithunzi ndi kujambula timitu ta anthu ofuna ziphaso. Loweruka unali ukwati, ndipo ukwati umadya filimu mopanda chisoni. Lamulungu ndinkapalasa njinga kupita ku Kachebere kukachingamira anthu potuluka m'tchalitchi, zovala zisanachite fumbi. Lolemba m'masukulu, Lachiwiri ku Mkanda, Lachitatu m'midzi ya kwa Dambe, komwe ndi kwathu. Anthu ankandisirira, ati ndilibe bwana. Sankadziwa kuti ndikangojomba tsiku limodzi, wojambula wina ankakhala atalowa kale pamalo panga, ndipo anthu sadikira munthu atavala kale suti. Ngakhale malungo ankayenera kuyamba afunsa ngati pali mpata.

Pantchitoyi tinali ndi kachinyengo kathu, ndipo ndiulule kuti ndinali katswiri. Paukwati sipalephera amalume oledzera amene amakukoka malaya kuti uwajambule, koma chithunzicho sadzabwera kudzatenga mpaka kalekale. Kuwakana n'kuputa ndewu. Tsono fulashi yanga inali yochita kumangirira pamwamba pa kamera, ndipo inali ndi kabatani kakekake. Ukadina kameneko, kuwala kunkang'anima bwinobwino koma filimu osasuntha. Amalume ankapita akuvina, ine filimu yanga ili yosakhudzidwa. Sindinkaona cholakwa chilichonse pamenepo.

Chaka china mwezi wa Juni, alimi atagulitsa fodya, kunali ntchito yoopsa. Aliyense ankafuna kujambulitsa atagwira njinga yatsopano kapena atanyamula wailesi paphewa. Lachitatu lina filimu yanga yomaliza inatha dzuwa lisanapendeke n'komwe. Ndinati ndingodzera kunyumba, ndikamwe madzi, ndione makolo, ndizipita.

Ndinapeza bambo atakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, atavala jekete lawo la kutchalitchi ndi tayi yobwereka kwa aphunzitsi. Pambali pawo panali ng'ombe ziwiri zapangolo zimene anali atangogula, zosambitsidwa mpaka nyanga. Bambo anga sanajambulitsepo chibadwire. Ankati zithunzi ndi za atsikana ndi anthu osowa chochita.

"Wafika, mwanawe," anatero. "Lero undijambule ndi ng'ombe zangazi."

Amayi ananditengera pambali n'kundinong'oneza kuti bambo avala jeketelo kuyambira m'mawa, ndipo akana kudya poopa kulidetsa. Anthu oyandikana nawo anali atasonkhana kale kudzaonerera. Ndinayang'ana kamera, ndinayang'ana bambo. Ndinawaimika pakati pa ng'ombezo, ndinawakonza kolala, ndinawauza kuti akweze chibwano pang'ono. Kenaka ndinadina kabatani ka amalume oledzera kaja.

"Basi?" anafunsa bambo.

"Basi, bambo. Chatheka."

Pobwerera ndinkadzilimbitsa mtima panjinga kuti nkhaniyi ndi yaing'ono. Lachitatu lotsatira ndidzanena kuti chithunzi chinapsa potsuka, ndidzawajambulanso, zidzathera pomwepo. Koma Lachitatu lotsatiralo sukulu ina inasuntha tsiku lake, ophunzira a folomu folo akutsanzikana, ndipo ndikanakana akanaitana wina. Kwathu sindinafikeko. Sabata inayo ndinasunga dala malo amodzi pafilimu, ndinakana ngakhale mayi wina amene anandichonderera kuti ndijambule khanda lake. Nditafika ndinapeza bambo apita kumaliro kutsidya, ku Zambia. Filimuyo sikanadikira, munali zithunzi za anthu makumi atatu ndi asanu oyembekezera Lachisanu. Inapita ku Lilongwe ndi malo ake opanda kanthu.

Nditakumana nawo sabata yachitatu, ndisanatsegule pakamwa, bambo anayamba kundichemerera pamaso pa anzawo.

"Uyu zithunzi zake sizipsa ayi. Si ajambulijambuli enawa. Changa chatuluka?"

"Chili ku Lilongwe, bambo. Chikukulitsidwa."

Bodza limenelo linatuluka lokha, ndipo linawasangalatsa kwambiri. Anauza mudzi wonse kuti chithunzi chawo ndi chachikulu, n'chifukwa chake chikuchedwa. Ndinadzimangirira ndekha. Lachitatu lililonse funso linali lomwelo, yankho lomwelo, ndipo ndinayamba kuchita mantha ndi njira ya kwathu. Masiku ena ndinkazemba, kudzera njira yakudambo kuti asandione. Ndinkakwiyira aliyense: anthu a ukwati, ana asukulu, minibasi yochedwa kudzaza, ngakhale ng'ombe zija. Kunena zoona, amene ndinkamukwiyira ndinali ine.

Chakumapeto kwa Ogasiti bambo anayamba kudwala. Anaonda mofulumira moti jekete lija likanakwana anthu awiri. Apa ndinaona kuti zamanyazi zithe. Ndinapatula filimu yathunthu, yosatsegula, ndinasiya Mkanda Lachiwiri koyamba chiyambire ntchitoyi, n'kupita kwathu. Ndinawapeza atagona pamphasa pakhonde.

"Bambo, ndikufuna ndikujambuleninso china."

Anandiyang'ana, kenaka anayang'ana manja awo.

"Undijambule ndili chonchi? Iyayi. Anthu adzandione pachija cha ng'ombe. Pamene paja ndinaima bwino, eti?"

"Munaima bwino, bambo."

"Ndiye chimenecho chakwana. Bweza makina akowo m'chikwama."

Ndikanawauza pomwepo. Ndaganizapo zaka zonsezi, ndipo sindikudziwabe ngati kukhala chete kunali kuwamvera chisoni iwo kapena kudzimvera chisoni ndekha. Ndinabweza kamera m'chikwama. Anamwalira patatha milungu iwiri, Loweruka, ine ndili paukwati wa eni ake kujambula anthu akuponya ndalama m'mbale.

Mwambo wa maliro utatha, anthu atabalalika, amayi anandiitana kuseri kwa nkhokwe. Sanalire. Anangoti, "Chithunzi chija ubwere nacho tsopano. Kaya sichinakulitsidwe, bweretsa momwemo. Nkhope yawo yayamba kundisokonekera ndikatseka maso."

Ndinayankha kuti chinasochera kotsukitsa, kuti kumakhala zithunzi zambirimbiri ndipo zina zimalowa m'maenvelopu a anthu ena. Ndinkayesa kuti ndatseka nkhaniyo. Amayi anapukusa mutu.

"Chinthu chachikulu choncho sichingangosowa. Pali pamene anachiika. Ukafunsenso Lachinayi, mwanawe. Ukawauze kuti mwini wake anamwalira, mwina adzafufuza ndi mtima wonse."

Lachinayi ndinakwera minibasi monga mwa masiku onse. Ndinapereka mafilimu anga kwa mayi wapakauntala, amene ankandidziwa bwino. Ndinali nditatembenuka kale kuti ndizituluka. Koma ndinabwerera n'kumuuza kuti pali chithunzi china chimene sindinalandire, cha mwezi wa Juni.

"Chooneka bwanji?" anafunsa mayiyo.

"Bambo wachikulire, wavala jekete lakuda ndi tayi, waima pakati pa ng'ombe ziwiri. Kumbuyo kuli mtengo wa mango."

Mayiyo anatulutsa katoni ya zithunzi zosowa eni ake n'kuyamba kuziona chimodzichimodzi, mosathamanga. Ine ndinaima pomwepo, munthu amene ndinkadziwa bwino lomwe batani limene ndinadina tsiku lija. Koma chithunzi chilichonse chimene ankatembenuza, ndinkasuzumira.