Lole ya Che Sulemani

Aliyense amene anasamukapo nyumba ku Limbe zaka za m'mbuyomu akuikumbukira lole ya Che Sulemani. Inali yobiriwira, yokalamba ngati mwini wake, ndipo inkaima pafupi ndi msika kudikira hayala. Bambo awo ankayendetsa magalimoto a amwenye, iwonso anakulira m'fungo la dizilo. Pa lole yawoyo Che Sulemani ananyamula njerwa, mbuzi, akwati ndi maliro. Mtembo wa amuna anga anakautula ndi iwo kwathu ku Nsanje, ndipo potsetsereka mapiri opita ku Chikwawa ankayendetsa ngati akuopa kuwadzutsa.

Madalaivala anzawo ankawatcha Bilimankhwe, chifukwa munthuyo sankathamanga. Mpando uliwonse ankaukulunga m'chiguduli, galasi ankaligoneka pakati pa matiresi, chingwe ankamanga, n'kumasula, n'kumanganso. Lachisanu lole sinkadzuka mpaka iwo atatuluka mumzikiti. Ngakhale munthu awanyengerere chotani, ankangoti, "Mubwere tikaswali."

Ine ndine Magdalene, koma ku Chinyonga amandidziwa kuti amake Vailet, woluka majuzi a ana asukulu. Khomo langa linayang'anizana ndi la Che Sulemani ndi akazi awo, mayi Halimatu. Mchere tinkapemphana, moto tinkapalana.

Amuna anga atamwalira, sindinkadziwa kuti nyumba yogula kale imakhomeredwanso msonkho kukhonsolo chaka ndi chaka. Iwo ankalipira okha osandiuza. Makalata achizungu ankabwera, ine osawalabadira, ngongole ikukula mwakachetechete ngati chulu. Tsiku lina kunafika masherifi, anthu aja amatumidwa kudzalanda katundu wa angongole. Wamkulu wawo, bambo wamtali wa jekete lachikopa, anamwaza maso m'nyumba monse, nadzaima pa makina anga olukira.

"Chogulika m'nyumba muno ndi ichi," anatero. "Mukapanda kulipira, mayi, tibwera ndi galimoto."

Makinawo ndiwo anali khasu langa ndi munda wanga womwe.

Pamenepo ndinachita zimene ndinaphunzira ndili kamtsikana. Kwathu, amesinjala akamveka kuti afika kudzagwira osakhoma msonkho, bambo anga ankalowa m'bango m'mphepete mwa Shire, ife n'kumawaperekera chakudya mobisa. Wogwidwa ankamangidwa chingwe m'chiuno. Ndinakula ndikudziwa kuti msonkho salankhula nawo, amauthawa. Tsono ndinakoloweka loko kukhomo lakumaso, ndinatseka makatani, n'kumalowera kuseri. Kuluka ndinaleka, poti makina amalira ndipo akanandiulula. Unali mwezi wa Juni, chiperoni chikuwaza, makolo akugogoda kufuna majuzi, ine ndili phee pakona ngati mbewa.

Lachisanu lina m'mawa kunamveka odi kukhomo lakuseri.

"Achemwali, tsegulani. Ndikudziwa muli momo. Nyumba yokhoma sikhosomola."

Ndinatsegula. Che Sulemani anavula nsapato monga mwa chizolowezi chawo, nakhala pampando.

"Masherifi andichita hayala lero," anatero. "Nyumba imene tikubwera ndi ino."

Ndinawayang'ana kumaso. "Inuyo, achimwene? Inu amene munanyamula bambo a Vailet?"

"Ndikanakana akanatenga mnyamata wa pikapu, bwenzi pano makina ali m'njira. Amandifuna ine chifukwa katundu wosweka sagulika. Ndawauza kuti lole yanga imadzuka tikaswali, ndipo akudziwa kuti si zachilendo. M'mawa wonse ndi wanu. Valani tipite kukhonsolo."

"Akandimange?"

"Akumangireni chiyani? Ine ndanyamula katundu wa anthu ambiri olandidwa. Pafupifupi onse anali obisala. Amene amapita okha kukapempha kuti azilipira pang'onopang'ono, kawirikawiri sindifika pakhomo pawo. Bango lija linatsala ku Nsanje, achemwali."

Ndinalowa kuchipinda. Potuluka ndinali nditavala zitenje ziwiri, juzi, bulangete lili m'khwapa.

"Nanga bulangetelo?"

"M'chitokosi mumazizira."

Anaseka mpaka kutsokomola, koma sanandilande. Pachipata tinakumana ndi mayi Halimatu. Anandifumbatitsa ndalama, nati ndi za majuzi a zidzukulu zawo zonse, ndidzaluke ndikapeza mpata. Ndinadziwa kuti anawo anali nawo kale majuzi, poti ndinaluka ndine, koma ndinalandira ndi manja awiri.

Kuofesi tinapeza mayi wachitsikana wa magalasi. Anayang'ana bulangete, n'kuyang'ana ine, nandipatsa mpando. Sanandikalipire. Anandifotokozera m'Chinyanja chomveka za ngongole yonse, nati ndipereke zimene ndinali nazo, zotsalazo ndizibweretsa mwezi ndi mwezi. Chinatsala ndi chimodzi: kalata youza masherifi kuti aime inayenera kusainidwa ndi bwana, ndipo bwanayo anali kumsonkhano.

Che Sulemani anayang'ana dzuwa pawindo. "Ine ndikupita kumzikiti. Musachoke pano wopanda kalatayo, ngakhale akuuzeni kuti mawa."

"Nanga mukafika kunyumba ine ndisanabwere?"

"Ndigwira ntchito yanga mmene ndimagwirira."

Bwana anatuluka dzuwa litapendeka. Atangosaina ndinathamanga, nkhalamba ine, bulangete likukwekwereka. Nditakhota pakona ya kwathu ndinaona lole yobiriwira ili pakhomo, anthu ataunjikana. Chitseko chakuseri chinali chotsegula, poti m'mawa muja ndinaiwala kukhoma. Ndinati basi, makina apita.

Koma mulole munali ziguduli zokha, zoyalidwa bwinobwino. Che Sulemani anali atakhala pamkeka pakhonde, makina ali patsogolo pawo, akuzula singano imodziimodzi. Iliyonse ankaipukuta, n'kuikulunga m'kapepala, n'kuiika m'chitini. Makina olukira ali ndi singano zambirimbiri, ndipo iwo anali asanafike ndi pakati pomwe.

"Madala, kodi tigona pano?" anakuwa wa jekete lachikopa uja. "Ingonyamulani chinthucho muponye mugalimoto!"

"Bwana, singano imodzi ikapindika ndiye kuti mwanyamula chitsulo chabe. Mudzati Sulemani waononga katundu. Ine dzina limenelo sindilifuna."

"Ndiye fulumirani!"

"Uku ndiye kufulumira kwanga. Funsani ku Limbe konse."

Ndinapereka kalata ndikupuma wefuwefu. Bamboyo anawerenga, nayimba foni, kenaka anapinda kalatayo n'kundibwezera.

"Mwachita bwino, mayi. Musadzaphonye mwezi, mungadzationenso." Anatembenukira kwa Che Sulemani. "Koma inu madala, tsiku lathu lonse mwadya."

"Pepani bwana. Mundidikire pang'ono ndibwezere singanozi, sindisiya ntchito pakati."

Masherifi anapita wapansi kukakwera minibasi. Kuyambira tsikulo Che Sulemani sanawachitenso hayala, ndipo ndinamva kuti inali ntchito yolipira bwino. Nditawapepesa anangoti, "Njerwa sizilira ukamazinyamula. Ndibwerera ku njerwa."

Madzulo omwewo ndinachotsa loko kukhomo lakumaso, n'kutsegula makatani. Makina analira mpaka mseu wonse unadziwa kuti amake Vailet abwerako kumene sanapite. Majuzi a zidzukulu za mayi Halimatu ndinaluka poyamba, kenaka a makolo aja ndinkawabisalira. Mwezi ukatha ndinkapita ndekha kukhonsolo, wopanda bulangete, ndipo mayi wa magalasi ankandifunsa nthawi zonse kuti ndalisiya kuti. Ngongoleyo inatha pakapita zaka, koma inatha.

Che Sulemani ndinawalukira juzi lobiriwira, lofanana ndi lole yawo. Analivala nyengo yozizira iliyonse mpaka m'zigongono munabooka, ndipo ankakana kuti ndiluke lina. Anamwalira mwezi wa Juni, chiperoni chikuwazanso. Asilamu sachedwetsa maliro, ndiye anawaika tsiku lomwelo. Mayi Halimatu, misozi ili m'masaya, anandinong'oneza kuti ndi ulendo wokhawo umene amuna awo anafulumira.

Maso anga achita chimbuuzi tsopano, ndipo amene akuluka ndi Vailet. Makina ndi omwe aja. Singano zonse zilipo, palibe yopindika.