Jumbo ya Aling Sioning

Lamulungu pa 8 Disembala 2019, mu lesitilanti ina ku Cubao, Aling Sioning anapisidwa m'chikwama anthu akuona. Wowapisayo anali Dindo, mwana wawo wobala okha.

Mayi amenewa ndi a kuno ku Sampaloc. Chiyambire utsikana wawo, malo awo ndi pachipata cha sukulu, pangolo yokankha pamanja, kukazinga kwek-kwek, timazira ta zinziri toviika mu ufa, ndi kuwotcha matumbo a nkhuku otunga kutimitengo. Mikono yawo ili mawangamawanga ndi zipsera za mafuta. Mwana wa sukulu akaluma n'kuviikanso kamtengo m'botolo la msuzi, amamva zake: "Iwe, malovu akowo ndigulitse kwa yani?" Ngolo imeneyo ndiyo inaphunzitsa Dindo mpaka kukapeza ntchito ku Dubai.

Amuna awo, Mang Teryo, ankayendetsa jipini, minibasi ya kuno, kufikira sitiroko itawagoneka pamphasa. Dindo atabwera kutchuthi anati atenge amayi ake ndi anzake awiri kumalo kuja munthu amalipira pakhomo n'kudya mpaka mimba kukana. Mang Teryo sakanatha kutsika masitepe.

"Sioning," anatero ndi pakamwa pawo popotokapo, "unditengereko chikopa cha lechon, nkhumba yowotcha ija. Cholira m'kamwa, osati chonyowa chija amawotcha mlongo wako."

"Mano muli nawo angati, akulu inu?"

"Awiri. Koma olimbikira ntchito."

Kuno palibe phwando, kaya la ubatizo kaya la ukwati, lomwe mlendo amachokapo chimanjamanja. Mwini nyumba amakupatsa yekha jumbo kuti utengere wotsala kunyumba. Aling Sioning sankadziwa lamulo lina. Anasankha zidutswa za nkhumba yowotchayo, osalawako ngakhale chimodzi, nazikulunga m'jumbo ya pangolo pawo, naziponya m'chikwama poyerayera.

Mtsikana woperekera zakudya anafika motsitsa mawu. "Pepani Nanay, mayi wathu, kuno chakudya sichituluka."

"Koma ndi gawo langa, mwanawe. Ndasiya dala. Bambo ake a uyu ali gone kunyumba."

Mtsikanayo anazengereza, nayang'ana kumbali ngati sanaone kanthu. Nkhani ikanathera pomwepo. Koma Dindo anaona anzake akubisa kuseka.

"Inay," anatero Dindo kwa amayi ake, "si pangolo pano."

Anakoka chikwama, natulutsa jumboyo, naikhuthulira m'beseni la mbale zakuda, momwe munali mafupa ndi zotsala za anthu ena. Amayi ake anatola jumbo yopanda kanthuyo, naipinda bwinobwino monga amachitira masiku onse.

Aling Sioning atafika kunyumba, Mang Teryo anatambasula dzanja lawo labwino lija.

"Tinapeza itatha," anatero Aling Sioning.

"Malo aakulu choncho, nkhumba n'kutha?" Anaseka pang'ono, natembenukira kukhoma.

Mang Teryo Khirisimasi sanaione. Pamaliro Dindo anagula nkhumba yathunthu, anthu n'kumagawana m'majumbo, wina wotengera agogo ake, wina wotengera ana. Amayi ake sanaikhudze.

Lero ali pangolo pawo pomwe paja, mafuta akuthetheka, ndipo ukawafunsa za mwana wawo amati ali bwino, amaimba foni. Iwo anakhululuka kapena anangotopa, sizidziwika. Msewu uno sunakhululuke.

Dindo, sukulu unapita, mawu sukusowa. Chikopa chija chinali cha bambo ako. Unachitaya kuti akulemekeze ndani? Tiyankhe.