Chisoti Chimene Ndinakana Kukwecha

Dzulo, kuno ku Indianapolis, mayi wina anandibweretsera, kusitolo yanga ya zinthu zamakedzana, chisoti chachitsulo cha asilikali akale a ku Japan kuti ndimuuze zaka zake. Fungo la dzimbiri ndi ulusi wakale linandibwezera ku South Bend, m'nyumba ya agogo ena achizungu amene azakhali anga ankawasamalira.

Agogowo ankasonkhanitsa zisoti zotere. China chinali ndi chigoba chakumaso chakuda, chandevu zoyera, chokwiya. Ine, wongofika kumene kuchokera ku Dedza, sindinakayike kuti chimenecho n'chinyau.

Tsiku lina agogowo ali kuchipatala, azakhali anandipatsa waya wokwechera mapoto, n'kuloza chisoti chachigoba chija.

"Kwecha ichi, chiwale. Akabwera asangalale."

"Ayi, azakhali."

Ndinali ndisanakanepo munthu wamkulu. Mawu anga onse ankathera m'kabuku kamene ndinkabisa pansi pa pilo.

"Wati chiyani? Amereka wakulowa kale m'mutu?"

"Zakudambwe sakhudza mtsikana."

"Zachikunja zimenezo! Bweretsa wayayo, ndikwecha ndekha."

Ndinaubisa kumbuyo, n'kuima patsogolo pa chisoticho. Anandikoka khutu, ine osasuntha, mpaka agogowo anatulukira. Atamva nkhaniyo anakhala pansi. Kenako anati kuda kumeneko ndiye umboni wa zaka mazanamazana, ndipo kukakwechedwa sikubwereranso.

M'galimoto azakhali anangoti, "Komabe uli ndi mwano."

Chifukwa changa chinali cholakwika, koma "ayi" ameneyo ndi amene ndimauza makasitomala anga mpaka lero akafuna kukwecha zinthu zawo zakale.